Anthu okuwa pa stock exchange aja ankadyera pati, nanga ntchitoyo idakalipo?

Funso: Ndikumaliza digiri ya economics chaka chino. Pa TV ndi pa YouTube ndimaona anthu ovala majekete pa msika wa masheya wa ku New York ndi ku Chicago, ena akuthamanga ena akukuwa manja ali m'mwamba, ndipo ntchito imeneyi imandikoka mtima zedi. Panopa ndimayeserera forex pa foni. Kodi anthu amenewa amapanga chani kwenikweni, ndalama amazipeza bwanji, zowawa zake ndi zotani, nanga munthu wa kuno kwathu angalowemo?

Yankho: Achimwene, ndiyambe ndi mbali yosakomayo kuti tisatayitsane nthawi. Ntchito imene ili m'mutu mwanuyo, ya chigulu cha anthu opanikizana akukuwa mitengo, inatha pafupifupi pena paliponse, mavidiyo ambiri omwe mukuonawo ndi a zaka za m'ma 1980 ndi 1990. Ku London msika wa masheya unasintha malamulo pa 27 October 1986, patangopita miyezi yochepa holo yonse inali pululu, anthu atasamukira m'maofesi mwawo pa foni ndi kompyuta. Ku Johannesburg a JSE, msika wa masheya wa kumeneko, anatseka floor yawo, holo yochitiramo malonda pamaso, mu June 1996. Ku Chicago, komwe kunali kuchimake kwa zokuwazi, a msika wa CME anatseka ma pit (mabwalo okuwiramo mitengo) ambiri a futures (makontirakiti ogwirizana lero mtengo wa katundu wodzaperekedwa mtsogolo) mu July 2015 ataona kuti malonda a pakamwa atsika kufika pa 1 peresenti yokha ya malonda onse a futures, otsalawo anawatseka mu March 2020 chifukwa cha Covid, mu 2021 nkulengeza kuti ambiri mwa iwo sadzatsegulidwanso.

Sikuti kulibiretu ayi. New York Stock Exchange pa 11 Wall Street idakali ndi anthu pansi, koma pomwe kale pankadzaza anthu masauzande lero ndi mazana ochepa chabe, ndipo mukawayang'anitsitsa muona kuti sakukuwa, aliyense wagwira katabuleti m'manja maso ali pa sikirini. Mbali ina ya holoyo ndi situdiyo, a CNBC amaulutsira pompo, nde zina zomwe mumaonazo ndi zokometsera nkhani basi. Msika wina wa masheya wa Nasdaq womwe unayamba mu 1971 sunakhalepo ndi floor chiyambire, belu lomwe mabwana a makampani amaimba lija amaimbira mu situdiyo ku Times Square. Komwe kukuwa kwenikweni kudakalipo ndi ku ma options (makontirakiti opatsa munthu ufulu wodzagula kapena kugulitsa pa mtengo wogwirizana) ku Chicago, a msika wa Cboe mpaka anatsegula floor yatsopano mu 2022, chifukwa dilu yaikulu ya options yokhala ndi zigawo zinayi kapena zisanu nthawi zina imayenda bwino anthu akamakambirana pamaso kusiyana ndi kungoiponya pa makina. Kwina ndi ku London Metal Exchange.

Ine ntchito yanga yakhala ya pa desiki, kugula ndi kugulitsa masheya ndi ma bond, koma akuluakulu ena omwe anandiphunzitsa ntchito anachokera pa floor, ndipo mukawamva akuyankhula mumadziwiratu, mawu awo anasasa mpaka lero.

Pa floor panali anthu a mitundu iwiri ndipo mukawasokoneza awiriwa simumvetsa chilichonse. Woyamba ndi broker, iyeyu ndi wotumidwa, amalandira oda kuchokera kwa kasitomala, kaya ndi banki, kaya kampani yogaya ufa, kaya thumba la penshoni, nkukagula kapena kugulitsa pa mtengo wabwino omwe angaupeze, malipiro ake ndi komishoni pa kontirakiti iliyonse. Mtengo ukwere kapena utsike iye sizimukhudza bola asalakwitse oda. Wachiwiri ku Chicago ankamutcha local, uyu alibe kasitomala, ndalama ndi zake zomwe, ndipo ndi amene anyamata ambiri amamusirira osadziwa kuti ankadyera pati.

Local sankadyera pa kulosera kuti mtengo ulowera kuti, apa ndi pomwe pagona nkhani yonse. Ankadyera pa kampata ka pakati pa mtengo wogulira ndi mtengo wogulitsira, ka spread. Taganizirani anyamata osintha ndalama pa boda ya Mchinji, akamakugulani kwacha ya Zambia reti ndi ina, akamakugulitsani reti ndi inanso, iwo alibe nazo kuti kwachayo ilimba chaka chamawa kapena igwa, chawo ndi kakusiyana kaja kuchulukitsa ndi anthu odutsa tsiku limenelo, ndipo amene waima pafupi ndi pomwe basi imatsitsira anthu ndi amene amadya bwino. Tiyeni tiike manambala ndi chimanga poti mumachidziwa. Ku Chicago Board of Trade, msika womwe unayamba mu 1848, kontirakiti imodzi ya chimanga ndi mabushelo 5,000, amenewo ndi matani pafupifupi 127, kapena tinene matumba a 50kg opitirira 2,500. Mtengo umayenda ndi kota ya senti imodzi pa bushelo, nde kasitepe kamodzi kameneko ndi madola 12.50 pa kontirakiti. Broker akabwera ndi oda yogulitsa makontirakiti 20, local amagula, patangopita masekondi broker wina nkubwera ndi oda yogula, local nkumugulitsa kota ya senti pamwamba, madola 250 m'thumba osagwirako ngakhale njere ya chimanga. Akapanga zimenezi kambirimbiri pa tsiku ndi ndalama ndithu. Koma taonani mbali inayo, wagula ma 20 aja, wogula sakubwera, mwadzidzidzi kwatuluka nkhani yoti mvula yagwa bwino ku Iowa, mtengo nkutsika ndi masenti 10, amenewo ndi madola 500 pa kontirakiti, madola 10,000 apita. Madilu 40 abwinobwino afufutika ndi dilu imodzi. Ndi chifukwa chake local wanzeru sankakonda kukhalitsa ndi katundu, akaona kuti zamutembenukira ankatuluka pompo olo moluza kota kapena theka, amene ankati ndidikire kaye mwina ubwerera ndi amene sankatha chaka.

Tsopano popeza ndalama inali pa kukhala woyamba kuonedwa ndi broker, malo oima anali chilichonse. Pit ndi malo ozungulira a mbali zisanu ndi zitatu okhala ndi masitepe otsikira pakati, ma broker akuluakulu ankaima sitepe ya pamwamba kuti aziona makalaliki awo ku mafoni, nde ma local ankalimbirana kuima pafupi nawo. Palibe lamulo lolembedwa lomwe linkati apa ndi pa uje, koma yesani kuima pamalo pa munthu amene wakhala pamenepo zaka khumi, zigongono zake zikufotokozerani. Watsopano ankayambira pansi pakati penipeni pomwe maoda amafika mochedwa komanso ang'onoang'ono, kukwera sitepe imodzi kumatenga miyezi mwina zaka. Kutalika kunali phindu, mpaka anthu anayamba kuika zidendene zikuluzikulu ku nsapato zawo, anthu nkumagwa pa masitepe, cha mu 2000 a CME anachita kuika malire kuti nsapato isapitirire mainchesi awiri. Makampani ena ankakonda kulemba anyamata omwe ankasewera mpira wa chi America kapena basketball ku koleji, osati poti ankadziwa economics, koma thupi ndi mawu komanso kusatekeseka akaluza.

Ndipo ukaima pamenepo umaona zinthu zomwe munthu wa kunja sangazione. Umadziwa kuti broker uyu amanyamula maoda a kampani yaikulu ya mbewu ngati Cargill, umaona runner, wonyamula mapepala a maoda, akubwera chothamanga ndi kapepala, umaona nkhope ya broker ikusintha, umamva phokoso la pit yonse likukwera mtengo usanasunthe nkomwe. Akuluakulu aja amati ankadziwa kuti msika watsala pang'ono kuthawa pongomva kamvekedwe ka phokoso. Nkhani zimenezi local ankazipeza masekondi angapo dziko lonse lisanazione, ndipo masekondi amenewo ndi omwe ankalipirira mpando, chilolezo choima pa floor.

Manja aja si ongokupiza, ndi chinenero. Zikhatho zikayang'ana kwa iwe mwini ndiye kuti ukugula, ngati ukukokera katundu kwa iwe, zikayang'ana kunja ukugulitsa. Zala zoimirira ndi 1 mpaka 5, zogoneka cham'mbali ndi 6 mpaka 9. Mtengo umauonetsa dzanja lili kutali ndi nkhope, kuchuluka kwa makontirakiti umaonetsa pa nkhope, chala pa chibwano ndi amodziamodzi, pa mphumi ndi makumi. Pakamwa naponso pali dongosolo lake, wogula amatchula mtengo kaye kenako kuchuluka, wogulitsa amayamba ndi kuchuluka, kuti olo mu chiphokoso umve mawu awiri okha udziwe kuti munthuyo ali mbali iti. Mukagwirizana aliyense amalemba pa kakhadi kake, kuchuluka, mtengo, nthawi, ndi zilembo za pa baji ya mnzakeyo, basi dilu ya madola masauzande yatha popanda kusainirana chilichonse.

Apa mpomwe pamabwera chinthu chomwe chinkawasowetsa tulo, chomwe ankachitcha out trade. Iwe walemba kuti wagula 50 kwa uje, uje walemba kuti wakugulitsa 15, kapena choipitsitsa nonse awiri mwalemba kuti mwagula, aliyense akuganiza kuti mnzake ndi amene wagulitsa. Zimenezi zimadziwika usiku makhadi akamafananizidwa, m'mawa msika usanatsegulidwe mumayenera kukumana nkugwirizana, ndipo ngati mtengo wathawa usikuwo wina ayenera kulipira kuchokera m'thumba mwake. Kawirikawiri ankangogawana pakati. Koma munthu amene ankadziwika kuti dilu ikamuipira amakana kuti si ine, ikamukomera amavomera, sankapita naye ku khoti ayi, ma broker ankangosiya kumuona. Akuwe mmene angakuwire, dzanja lili m'mwamba, aliyense akuyang'ana kumbali. Pakatha milungu ingapo munthuyo amachoka yekha. Kwa broker nakonso kulakwitsa oda ya kasitomala, kugula pomwe anati ugulitse, kusiyana kwake amalipira ndi iyeyo, nde munthu amatha kugwira ntchito mwezi wonse akutolera timakomishoni nkuzitaya zonse chifukwa cha chala chimodzi chomwe sanachione bwino.

Za thupi ndisachulutse. Pit ya mbewu inkatsegulidwa 9:30 m'mawa kutseka 1:15 masana, mukamva choncho mukhoza kuti maola ochepa bwanji, koma ndi maola oimirira mopanikizana, thukuta la ena, malovu a wakumbuyo akukugwera m'khosi, mapensulo akukubaya, chimfine chikalowa chimazungulira pit yonse. Kupita ku chimbudzi uli ndi katundu m'manja ndi juga payokha. Mawondo, msana, makutu ndi pakhosi ndi zomwe zinkayamba kutha, ndipo msika ukatseka dzuwa likadali pamutu munthu ali ndi ndalama m'thumba kapena mkwiyo mumtima, ambiri ankathera ku bala, mowa ndi mankhwala ozunguza bongo zinapasula mabanja ambiri pa ntchito imeneyi. Azimayi ankaonako zakuda, Muriel Siebert anali mzimayi woyamba kugula mpando pa New York Stock Exchange mu 1967, msikawo utakhalapo kuyambira 1792, ndipo munthu wakuda woyamba kukhala membala wa pa floor, Joseph Searles, analowa mu 1970. Nde tisamanamizane kuti kale pakhomo panali potsegula kwa aliyense.

Polowera pake panali pansi penipeni. Umayamba ngati runner, ku CME ankavala jekete yachikasu, ntchito yako kunyamula mapepala a maoda kuchoka pa foni kupita ku pit pa malipiro ochepa zedi. Ukaonetsa kuti mutu ukuyenda umakhala kalaliki wa broker, kumusungira maoda ndi kumuwerengera kuti ali ndi angati, kenako ngati wina wakukhulupirira kapena kwanu kuli ndalama umachita lendi mpando pa mwezi nkuyamba kugula wekha. Mpandowo sikuti ndi wokhalira, ndi chilolezo choima pa floor, ndipo unali ndi mtengo wake ngati nyumba. Pa New York Stock Exchange mipando inali 1,366 yokha kuyambira 1953, ndipo mu December 2005 wina unagulidwa madola 4 miliyoni, chaka chotsatira msikawo unasanduka kampani wamba ya masheya mipando nkutha, lero ndi laisensi ya pachaka. Chabwino chimodzi chomwe ndingaiyamikire floor yakale, makamaka ya Chicago ndi ya LIFFE, msika wa futures wa ku London, nchakuti mwana wa munthu wosauka wopanda digiri ankatha kuyamba ngati runner nkudzakhala ndi chuma, bola akhale wakuthwa pa masamu a pamutu. Khomo limenelo ndi lomwe linatsekeka.

Tsopano za kuluza. Pa futures palibe zoti ndidzalipira kumapeto kwa mwezi, tsiku lililonse madzulo amawerengera, zomwe waluza amachotsa mu akaunti yako usiku womwewo, chikole chako chikachepa kampani yomwe imakuimira ku clearing, komwe madilu amawerengedwa ndi kulipiridwa, imakuimbira kuti bweretsa ndalama m'mawa, ukalephera amakugulitsira katundu yense pa mtengo uliwonse omwe ulipo nkukulanda baji. Ku mbewu kulinso malire a mmene mtengo ungayendere pa tsiku, ukafika pamalirepo malonda amauma, iwe wagula mtengo ukugwa palibe wogula, umangoima nkumayang'ana bolodi podziwa kuti mawa zikhozanso kutero. Pa 19 October 1987 Dow Jones, muyezo wa mitengo ya masheya a makampani akuluakulu a ku America, inagwa ndi mapointi 508, amenewo ndi 22.6 peresenti tsiku limodzi, ma specialist a ku New York, madila oyendetsa malonda a masheya a kampani zomwe apatsidwa, omwe lamulo linkawakakamiza kugula pomwe aliyense akugulitsa ena mpamba wawo unathera pomwepo, ku Chicago anthu anagulitsa mipando kuti abweze ngongole. Ndipo pena ukhoza kugwa osalakwa kanthu. Pa 31 October 2011 kampani ya ma broker ya MF Global, yomwe inkatsogoleredwa ndi Jon Corzine yemwe anakhalapo bwanamkubwa wa New Jersey, inagwa, ndalama za makasitomala pafupifupi madola 1.6 biliyoni sizinkaoneka, ma local omwe ankasungitsa chikole chawo kumeneko anapezeka akuletsedwa kulowa pa floor, ndalama zawo zitatsekeredwa. Zinadzabwezedwa inde koma kuti zonse zikwane panapita zaka, pomwe lendi ndi fizi sizidikira.

Palinso yesero la chinyengo, ndipo ndikuuzeni mosabisa kuti pa floor linali lalikulu chifukwa anthu omwewo amaima limodzi tsiku ndi tsiku kwa zaka, kasitomala ali kutali sakuona. Broker walakwitsa dzulo, local mnzake wamuthandiza kunyamula out trade ija, lero broker akalandira oda yonona amaipereka kwa mnzake uja pa mtengo womukomera, kasitomala waberedwa kota ya senti osadziwa nkomwe. Iwo ankati ndi kuthandizana. A FBI anaona mwina, anatumiza anthu awo kukagula mipando ku Board of Trade ndi ku CME nkumaima mu pit ngati ma trader atabisa zojambulira mawu, nkhani inaphulika mu January 1989, mu August chaka chomwecho anthu 46 anaimbidwa milandu. Ku New York mu 2004 makampani asanu a ma specialist analipira pafupifupi madola 240 miliyoni chifukwa chodzigulira okha patsogolo pa maoda a makasitomala. Ndipo nkhani ya Nick Leeson muidziwe bwino musanalowe ntchito iliyonse ya mtundu uwu, mnyamata wosakwana zaka 30 wogwira ntchito ku banki ya Barings pa floor ya SIMEX, msika wa futures wa ku Singapore, anayamba ndi kubisa zolakwika mu akaunti nambala 88888, kenako nkumaonjezera kubetcha pa Nikkei, muyezo wa mitengo ya masheya a ku Japan, kuti abweze, chivomezi cha ku Kobe cha pa 17 January 1995 chinagwetsa msika wa ku Japan, dzenje linafika mapaundi 827 miliyoni, Barings banki yomwe inayamba mu 1762 inagulitsidwa kwa a ING pa paundi imodzi. Chomwe chinalola zonsezi nchakuti munthu yemweyo ankagula pa floor ndiyenso ankayang'anira ofesi yowerengera madilu ake. Mukadzalowa mu banki mukadzaona kuti dila saloledwa kukhudza mabuku a back office, ofesi yowerengera madilu ija, musadzadabwe.

Nanga chinapha ntchitoyi nchani? Si Covid, iyo inangokwirira. Choyamba kampata kaja kanafinyidwa. Ku New York masheya ankayenda ndi gawo limodzi mwa magawo 8 a dola, masenti 12.5, mu 1997 anadula pakati kufika pa 6.25, mu 2001 nkufika pa senti imodzi. Pa masheya 10,000 kampata komwe kankapatsa madola 1,250 kanatsala madola 100. Chachiwiri makasitomala okha anasankha makina poti ndi otchipa, achangu, komanso palibe akuwerenga nkhope ya broker wako. A CME anayambitsa Globex, msika wawo wa pa kompyuta, mu 1992, mu 1997 nkubweretsa E-mini S&P, kontirakiti yaing'ono ya futures za masheya a ku America, ya pa kompyuta yokha yomwe inadzameza kontirakiti yaikulu ya mu pit. Ku London a LIFFE ankanyadira kuti futures za ma bond a boma la Germany zimagulitsidwa kwawo osati ku Germany, koma mu 1998 malonda amenewo anasamukira pa makina a ku Frankfurt pafupifupi onse, pofika kumapeto kwa 2000 floor ya LIFFE inali itatsekedwa. Lero msika weniweni wa New York Stock Exchange ndi chinyumba cha makompyuta ku Mahwah ku New Jersey, wa CME uli ku Aurora kunja kwa Chicago, ndipo kulimbirana sitepe ya pamwamba kuja kudakalipo koma tsopano ndi kulimbirana kuika kompyuta yako pafupi ndi ya msika. Mu 2010 kampani ina inakumba ngalande ya waya wa fibre kuchoka ku Chicago kukafika ku New Jersey pa madola pafupifupi 300 miliyoni kuti ingopulumutsa timagawo titatu mwa magawo 1,000 a sekondi.

Ma local ambiri anayesa kusamukira pa sikirini ndipo ambiri zinawakanika, anthu omwe anadya bwino zaka 20. Pa sikirini sukuona nkhope ya munthu, sukumva phokoso, sukudziwa kuti oda yachokera kwa ndani, ndipo amene akupikisana nawe pa kampata kaja ndi pulogalamu ya kompyuta yomwe siphethira. Ena mpomwe anazindikira kuti luso lomwe ankadzitama nalo gawo lalikulu linali malo oima.

London Metal Exchange ndiyitchule poti imatikhudza, mtengo wa kopa wa ku Copperbelt ku Zambia amauwerengera potengera mtengo wa kumeneko. Msikawu unayamba mu 1877 ndipo udakali ndi Ring, sofa yofiira yozungulira, madila ovala masuti amakhala pamenepo, chitsulo chilichonse chimapatsidwa mphindi zisanu, loti imodzi ya kopa ndi matani 25. Mphindi zinayi zoyamba mumatha kukhala zii, masekondi omalizawo ndiye chipwirikiti, makalaliki kumbuyo mafoni awiri m'makutu, ndipo dila saloledwa kuchoka pa sofa, akanyanyuka mopyola muyezo pali chindapusa. Ring anaitseka mu March 2020, mabwana ake ankafuna isatsegulidwenso, ogula ndi ogulitsa zitsulo anakana, inatsegulidwa mu September 2021. Koma makampani ololedwa kukhala pa sofapo ndi osakwana 10, nde muwerengere nokha kuti ntchito zake ndi zingati padziko lonse.

Tibwere pa forex yanu ya pa foni, ndipo apa mundikhululukire ndiyankhula mosapsatira. Zimene mukupangazo si ntchito ya floor trader yochepetsedwa, ndi mbali inayo ya malondawo. Pa boda paja inu ndinu wotsika basi, si inu wosintha ndalama, kampata kaja mumalipira ndinu nthawi iliyonse mukadina batani, kuonjezera apo akukupatsani leverage, mwayi wobetcha ndalama zoposa zomwe muli nazo, yoti mtengo ukangosuntha pang'ono akaunti yonse yapsa. Bungwe loyang'anira misika ku Europe la ESMA litafufuza linapeza kuti maakaunti a anthu wamba pakati pa 74 ndi 89 pa 100 alionse amaluza pa malonda a CFD, obetcha pa kusintha kwa mtengo osagula katundu weniweniyo, nchifukwa chake kuyambira 2018 ma broker a kumeneko amakakamizidwa kulemba chiwerengero cha oluza pa webusaiti yawo, kayang'aneni pansi pa tsamba la broker wanu ngati ali wa ku Europe muchiona. Ngati mukuyeserera ndi akaunti ya demo kuti muphunzire mmene mitengo imayendera palibe vuto. Koma musaike fizi kapena ndalama ya katapila, musagule ma signal kwa anyamata ojambulitsa ndi galimoto za eni pa Facebook, komanso dziwani kuti kutumiza ndalama kunja kuli ndi malamulo ake a Reserve Bank. Ndipo pa intavyu ya ku banki kunena kuti ndimachita forex pa foni sikukuonjezerani kanthu, pena kumawachititsa mantha.

Kodi mungalowemo? Pa floor ya New York kapena Chicago mwayi ndi wochepa kwambiri ngakhale kwa mwana wa ku America komweko. Ma market maker a pa floor ya New York, omwe amatchula mtengo wogulira ndi wogulitsira, atsala makampani ochepa ngati Citadel Securities, Virtu ndi GTS, amalemba anthu owerengeka, pamafunika chilolezo chogwira ntchito m'dzikomo komanso mayeso a FINRA, bungwe loyang'anira ma broker ku America, ngati Series 57 omwe sungalembe popanda kampani yokuimira. Koma ntchito yeniyeniyo, yopanga mitengo iwiri ndi kunyamula risk, idakalipo yambiri, yangosamukira pa desiki. Makampani ngati Optiver, IMC, Jane Street ndi Susquehanna amalemba achinyamata chaka chilichonse ku Amsterdam, London, Chicago, New York ndi Sydney, ndipo safuna mawu aakulu, amafuna masamu, probability, ndi kulemba mapulogalamu. Mayeso oyamba a Optiver ndi otchuka, mafunso 80 a masamu a pamutu pa mphindi 8. A Susquehanna amaphunzitsa ma trader awo atsopano poker kuti azolowere kusankha zochita asakudziwa zonse. Njira yofikira kumeneko kwa munthu wochokera kwathu nthawi zambiri imadzera pa masters ya kunja ya masamu, statistics kapena finance.

Pafupi pano, Malawi Stock Exchange ili ku Blantyre, kampani yoyamba kulowa inali NICO mu November 1996, kale ma broker ankakumana m'chipinda nkumaitana kampani imodziimodzi aliyense akutchula maoda ake, kuyambira 2018 zonse zili pa makina. Makampani ake ndi osakwana 20 ndipo ma broker ndi owerengeka pa zala, nde mipata ndi yochepa. Komwe kuli madila ambiri ndi ku treasury ya mabanki, kumene amagula ndi kugulitsa madola, ma treasury bill ndi kubwerekana ndalama za usiku umodzi, kenako ku makampani osunga ndalama za penshoni ndi ku Reserve Bank komweko. Dila wa treasury amene akutchula mtengo wa dola kwa kampani yoitanitsa feteleza kapena mafuta pa nthawi yomwe dola ikusowa amadziwa bwino lomwe kuti kupanikizika nchani, olo asakukuwa. Kumeneko pepala lomwe limalemekezedwa ndi ACI Dealing Certificate, ku mbali ya masheya ndi penshoni ndi CFA yomwe ili ndi magawo atatu. Mukayang'ana ku South Africa, JSE ili ndi msika wa futures za chimanga choyera, kontirakiti imodzi matani 100, ndipo mtengo wa kumeneko ndi womwe amalonda a chimanga a mbali yathu ino amauyang'ana, munthu wodziwa economics ya ulimi komanso masamu ali ndi poyambira pabwino kuposa kulota Wall Street.

Chaka chomwe chatsalachi limbikirani statistics ndi econometrics, phunzirani Excel mozama ndi Python, tsiku lililonse mphindi khumi za masamu a pamutu, ma fraction ndi maperesenti mpaka azibwera okha. Funsirani internship ku treasury ya banki iliyonse yomwe ingakulandireni olo akuikeni ku back office kofananiza madilu, kumeneko ndi komwe mungaone mmene dilu imayendera kuchoka pa foni mpaka ndalama kusuntha. Ndipo ngati muli ndi kandalama kapadera komwe sikakupwetekani, pitani kwa broker wa laisensi ku Blantyre kapena ku Lilongwe, tsegulani akaunti, gulani masheya ochepa a kampani imodzi, kenako tsiku lililonse muzilemba mu kope mtengo wa ogula, mtengo wa ogulitsa, ndi masheya angati agulidwa. Pakatha miyezi itatu yesani kugulitsa theka lake muone kuti zikutengerani masiku angati komanso pa mtengo uti.